Phwetekere Wanu Ali Pazenera

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti ine tulo tanga tachepa chifukwa cha chitini chimodzi.

Ndiyambe ndi zabwino. Ndinachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Ali ndi mphumi yanu, komanso mkwiyo wanu akachedwa kuyamwa. Mkamwini wanu akadali khuki kwa azungu aja a ku Area 10, ndipo tikugona m'kanyumba ka antchito kuseri. Achimwene a Yohane, kumudzi kwatsopano kuja boma linatisamutsira pomanga likulu, chimanga anadzaza nkhokwe. Koma nsupa yanu ya mbewu makoswe anaiboola. Ndiye kuti phwetekere wanu wamng'onomng'ono uja, wowawasa, anatsala ndi ine ndekha, njere zochepa zomwe munandimangira pakansalu muli chigonere.

Mukanaseka kuona pomwe tikukhala. Nyumba ya azunguwa inamangidwa padimba panu penipeni. Ndinazindikira ndi mkuyu uja munkapachikapo mkute, womwe tsopano uli pakona pa mpanda. Ponseponse ndi kapinga, amamuthirira m'mawa ndi madzulo ngakhale palibe amamudya. Ndinatuma mkamwini wanu kuti akandipemphere kamalo kongokwana mphasa. Adona anayankha mwaulemu kuti ndiwo n'zambiri kumsika, ndipo dimba limaitana udzudzu. Mkamwini wanuyo anabwera akugwedeza mutu, n'kundipempha kuti ndisawachotsetse ntchito chifukwa cha ndiwo.

Choncho ndinafesa m'nyumba. Ndinatola zitini za mkaka, n'kuziboola kunsi ndi msomali. Dothi ndinakatapa patsinde pa mkuyu, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba, chonsecho ndi dothi lomwe munandilelerapo. Manyowa a mbuzi ndinakapempha kwa Che Saidi, ogulitsa nyama kumsika wa ku Old Town, ndipo anaseka mpaka misozi poona mayi wa kumayadi akumanga ndowe pachitenje. Mkamwini wanu anandibweretsera feteleza wa maluwa m'kapepala, ine ndinakana. Paja inu munkati wam'thumbayo amakhutitsa masamba, nthaka n'kugona ndi njala.

Zoyamba zinamera bwino, koma zenera lathu ndi laling'ono ndipo linayang'ana kumpanda. Dzuwa limangosuzumira n'kupita. Mbande zinatalika ngati ulusi, zotuwa, zonse zitapendekera kugalasi. Ndinkatembenuza zitini, izo n'kupendekeranso. Pozimvera chisoni ndinachulutsa madzi, ndipo zinayamba kuola patsinde n'kumagwa imodziimodzi. Ndinawaza phulusa monga munkachitira, koma ndinali nditachedwa. Munkandiuza kuti mbande ndi khanda losalira, umangoyenera kuliyang'ana. Ndinaziyang'ana, amayi, mpaka zinatha ndikuziyang'ana.

Ndinafesa njere zotsala, ulendo uno mwanzeru. Madzi ndinkadontheza ndi zala. Adona akatuluka pagalimoto, ndinkathamangitsira zitini pakhomo kuti ziwothe dzuwa, ndikamva geti n'kuzilowetsa. Zinanenepa, tsinde laubweya, ndipo ukazikhudza m'manja munkatsala fungo lija la m'manja mwanu. Ndinkanunkhiza zala zanga ngati wamisala.

Kenaka kunabwera lole. Amayi a chipani anati tonse tikaphunzire magule olandirira alendo akuluakulu kubwalo la ndege, ndipo tikagona komweko kusukulu sabata yonse. Inu mukudziwa kuti kumeneko sakana, ndipo zina sitilemba ngakhale m'kalata yopita kwa akufa. Ndinabereka mwana n'kukwera. Ndinawachonderera mkamwini wanu kuti azithirira, iwo anavomera ndi mtima wonse. Koma sabata imeneyo azungu anali ndi alendo, ndipo iwo ankatuluka kusanache n'kubwera usiku. Zenera analitseka kuopa fumbi. Sindingawakalipire, ngakhale ndinayesa.

Ine ndinkavina ndikumwetulira, mawu mpaka kusasa, mtima uli pazitini. Nditabwerako ndinapeza dothi litang'ambika, mbande zitagona ngati tsitsi lometedwa. Mkamwini wanu anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Mayi a mwana, ndinakumbuka dzulo," anatero. "Koma taonani kuseri kwa mtsuko."

Kunali chitini chimodzi chomwe ndinachiika pansi chifukwa pazenera panadzaza. Mtsuko wathu umadontha, ndipo kudonthako n'komwe kunasunga mbande imodzi. Ndinakutumula kansalu kanu kuti mwina mwatsala njere ina. Panangogwa phulusa.

Mbandeyo ilipo, yakula kufika m'bondo mwa mwana. Koma mizu yatulukira m'mabowo, masamba am'munsi ayamba chikasu, ndipo ndikudziwa chimene ikufuna. Ikufuna kuwokeredwa. Ndaisamutsira m'ndowa yobooka, ndaimangira kamtengo, ndikuithirira madzi otsukira mpunga, koma m'nyumba simulowa njuchi kapena mphepo, ndipo duwa loyamba linayoyoka dzana. Kwa a Yohane n'kutali, siingapirire pabasi, ndipo tchuthi sitiloledwa mpaka dzinja. Ndikatsegula chitseko ndimaona nthaka yanu yakuda, yonyowa, ili pomwepo pansi pa kapinga. Munandiphunzitsa kufesa, kupatulira ndi kuwokera, koma simunandiuze chochita dimba likakhala pakhomo pako koma lili la eni. Ndasowa pogwira, amayi, ndipo ndikuopa kuti mbewu yomwe munailandira kwa amayi anu ithera m'manja mwanga.

Ngati kumeneko amakulolani kupempha kanthu, musandipemphere zambiri. Phwetekere mmodzi yekha akwana. Ndikulonjeza kuti sindidzamudya, ngakhale ndiwo zitasowa. Ndidzamufinyira pakansalu kanu komweka, n'kuyanika pazenera, kuti mdzukulu wanuyu akadzakula adzakhale ndi choti ndimumangire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nachisale