Chithunzi cha pa Chiliza

Loweruka, 6 Ogasiti 2011

Kuzizira. Alamu anga a Edgar akukwera basi ya ku Malawi Loweruka likubwerali. Akufuna chithunzi cha malemu amuna anga a Newton choti akaike pa chiliza ku Ntcheu. Chabwino ndi chimodzi chokha, chili mu kompyuta yakale imene anandipatsa adona a ku Kempton Park kumene ndimagwira ntchito. Koma imachedwa, chithunzi kutseguka mpaka tiyi kuzizira. A Amisi, okonza makompyuta pafupi ndi renki ya maminibasi, abwera aikamo memole yatsopano ndi fani ina. Yathamanga. Chivundikiro asiya chosatseka, akuti zomangira abwera nazo. M'katimo fumbi lake! Ndachita manyazi.

Lachiwiri, 9 Ogasiti

Holide. Ndayeretsa m'kati monse ndi mswachi wakale. Pansi pa fani panali litsiro lotuwa, lomata ngati phala la dzulo. Ndapukuta ndi spiriti mpaka kachitsulo kuwala. Ndabwezera chilichonse pamalo pake.

Masana ndayatsa. Fani yazungulira, sikirini yaphethira, zii. Ndayatsanso. Zii.

Lachitatu, 10 Ogasiti

Ndapsereza kolala ya malaya a abwana. Mutu uli ku kompyuta. A Amisi pa foni: "Chotsani memole yatsopanoyo, mubwezere yakale." Ndatero. Chimodzimodzi. Ndasintha chingwe cha magetsi, ndabwereka cha ketulo kwa a Mavis a khomo loyandikana. Ndaisuntha kupita ku soketi ina. Imayaka pang'ono n'kuzima ngati munthu wokomoka.

Zinthu zawo zatsopanozi ndi zimene zaipha. Ndikanaisiya ndi ulesi wake.

Lachinayi, 11 Ogasiti

A Edgar aimba kawiri. Akuti ngati palibe, aika cha pa pasipoti. Chija a Newton akuoneka ngati wakuba wogwidwa! Ana aziona chimenecho moyo wawo wonse? Ndayesa kukumbukira nkhope yawo ya pa chithunzi changa chija. Maso ndawapeza. Pakamwa pakukana.

Sindinadye.

Lachisanu, 12 Ogasiti

A Amisi afika atachoka ku mzikiti. Ndinali nditakonza mawu owakalipira. Anyamula fani, ayang'ana, andiyang'ana ine. "Mayi, phala langa lija lapita kuti?" Ndati litsiro lija ndinachotsa. Aseka mpaka kukhala pa bedi. Akuti si litsiro, amapaka dala kuti kachitsuloko kasatenthe. Popanda ilo makina amadzizimitsa okha kuopa kupsa. "Inu mukanakhala dokotala, bwenzi mutachapa ndi magazi omwe."

Abwezera memole yatsopano ija, apaka phala lina, kadontho ngati njere ya mpunga. Dzanja langa limafuna kansanza. Ndalikhalira.

Yayaka. Ndi memole yatsopano yomweyo.

Pa chithunzipo a Newton ali pa geti la fakitale ku Boksburg, akuseka, dzino lija lothyoka. Pa thumba la malaya pali banga la girisi. Ndikukumbuka tsiku limenelo ndinawakalipira, munthu kujambulitsa ndi malaya otere. Iwo amvekere, "Edna, ukandichapanso ine ndisuluka."

A Amisi akuti bangalo atha kulifufuta pa kompyuta pomwepo, mphindi imodzi, malaya ayere bwino pa chiliza. Anali atagwira kale mausi.

Ndawagwira dzanja. Ndati lisiyeni.