Diresi la Tiko Lapsa

Amake Tiko,

Mukabwera ku Misa osandipeza musadabwe, ndapalasa njinga kupita ku Nselema. Ndalakwa, ndipo ndalakwa kwambiri.

Ndimati ndikupeputseni ntchito, ndiye ndinatenga diresi la Khirisimasi lija mwasokera Tiko pamanja kuti ndilisite, adzalipeze lowongoka masana ano. Mbuzi ya a Hudson oyandikana nafe aja italowa m'khitchini kulondola fungo la chigumu, ndinathamangira komweko, simbi ya makala n'kuisiya pansalu. Pobwerera ndapeza chibowo kutsogolo, dzanja kulowa lonse.

Ndikudziwa kuti nsalu ija ndi chitenje chomaliza cha malemu amayi anu. Ndinkakuonani mukudzibaya ndi singano, kufuna kuti mwana avale cha agogo ake lero. Mutu wandizungulira, amake mwana.

A Saidi atelala aja a ku Nselema sadya Khirisimasi, ndiye ndikawapeza pa makina. Ndatenga diresilo ndi kansalu kotsala kanali m'dengu mwanu, ndikawapempha asokerepo thumba pomwe papsapo. Kaya zikatheka, kaya.

Tiko musamuuze kaye. Akafunsa, muzingoti diresi lapita ndi bambo kukalikongoletsa. Alendo akayamba kufika, thobwa lili kuseri kwa chitseko, nkhuku ndasosola kale. Chigumu chapulumuka, kungoti mbuzi inalawako m'mbali. Mbali imeneyo musungire ine, ndi yondiyenera.

Pepani ndithu. Alendo akapita mudzandikalipire mmene mungafunire, sindidzayankha. Chomwe ndikuopa n'kukupezani mutangokhala chete.

Ndine,
Jasten