Phazi la Amayi ndi Chidebe

Lolemba, 9 Juni 1997
Amayi aumanso pakhomo. Phazi osanyamuka, ngati laponda ulimbo. Dzanja kunjenjemera, tiyi yense pachitenje. Chaka chachiwiri tsopano. Ndili ndi mantha.

Loweruka, 14 Juni
Ukwati wa Olipa, mwana wa aneba. Amayi tinawakhazika pampando. Ng'oma ya chimtali itangolira, iwo nyamu, kuvina ngati mtsikana. Ng'oma kuleka, iwonso kuuma pakati pa bwalo. Anthu manong'onong'o. Atate anachoka osadya.

Lolemba, 16 Juni
Atate akuti amayi amanamizira kudwala pothawa khasu. "Wovina sadwala. Mwezi ukasila nikupelekani kwanu ku Katete." Iwo omwe, mkulu wa mpingo, ndiwo anawaletsa chimtali kalekale. Ku Kateteko akawasamala ndani? Abale onse anatha. Ndalirira kuseri kwa nkhokwe.

Lachinayi, 26 Juni
Ku Lusaka pa minibasi, kuchokera pa Chongwe. Mutu wa amayi m'makina ojambula ubongo. Chithunzi chake ngati dzungu lodula pakati. Dokotala wake ndi mayi wofatsa, amafufuza za ubongo wa anthu ovina. Akuti chotupa mulibe, ndipo matendawa saoneka pachithunzi. Ubongo ukulephera kuyambitsa phazi pawokha, koma ukamva kugunda umatsatira. "Muziwaombela m'manja." Chithunzi chopanda banga ndipite nacho kwa atate?

Lachisanu, 27 Juni
Ndimadziwa ine. Atate anachikweza kudzuwa chithunzi chija. "Waona, Tisauke? Mulibe kanthu." Nditayesa kuwaombera m'manja amayi, atate akuti pano si pamowa. Chikwama cha amayi achiika kale pakhomo. Andikwiyitsa, nsima ndawaphikira yosapsa.

Lamulungu, 29 Juni
Ndinalawirira kuchitsime. Pobwera, amayi ali chiimire panjira ya kuchimbudzi, chitenje chitanyowa, misozi chuchuchu. Atate poteropo, atavala kale jekete la kutchalitchi. Sanandione. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutola chidebe, n'kuyamba kuchiimba ngati ng'oma. Chimtali chenicheni, osaphonya. Amayi phazi, phazi, mpaka kukafika.

Masana ndinafunsa amayi kuti manja a atatewa anaphunzira kuti. Anaseka, koyamba chaka chino. "Uganiza wamene anali kuniimbila ng'oma ku Katete anali ndani?"

Chikwama chikadali pakhomo. Chidebe atate achilowetsa kuchipinda.