Khoma la Bambo Lisapakidwe Simenti

Claremont, Cape Town
17 Ogasiti 2014

Okondedwa achimwene a Safeli,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga chifuwa cha amayi chikuwapatsako mpata? Ine ndili bwino, kungoti kuno mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndiye mawondo akudandaula.

Tisanapite patali, pali zofunika timvane. Choyamba, nyumba ya miyala imene anamanga malemu bambo si yanu nokha, ndipo amene akugonamo ndi amayi. Chachiwiri, matumba a simenti amene mlongo wathu Viness wandiuza kuti mwaunjika pakhonde asatsegulidwe. Chachitatu, mmisiri wanu uja, a Hamis, asakhudze khoma ine ndisanafike. Zina tikhoza kukambirana, koma izi ayi.

Ndamva kuti mukuuza anthu kuti nyumbayo ikuoneka ngati khola la mbuzi, komanso kuti ine ndinaphunzira zomangamanga ku koleji kuti ndidzathere kugoba makoma a azungu ku Joni. Chabwino. Imvani za makomawo.

Nyumba imene tikukonza kuno ndi ya mayi wina wokalamba, a Jennie. Amene anaimanga ndi agogo awo aamuna ochokera ku Wales, ku Ulaya, potengera nyumba yakwawo. Khoma lake ndi lochindikala moti ndikapisa mkono pazenera, zala zimangofika kumene kunja. Denga ndi la miyala yopyapyala ngati masileti aja tinkalembapo kusukulu. Pabalaza pali malo osonkhapo moto aakulu oti ine ndimalowamo chiimire, benchi yamwala ili momwemo, ndipo pamwamba pake anapingasa mtanda umodzi wakuda ndi utsi. Pambali pa chumuni pali masitepe amiyala ozungulira ngati chigoba cha nkhono, oti munthu wonenepa amakwera cham'mbali. Chitseko n'chachifupi, ndagundapo mutu kangapo.

Miyala yonseyi anailumikiza ndi laimu wosakaniza ndi mchenga. Laimu amalola madzi amene alowa m'khoma kutuluka dzuwa likawala. Koma zaka zapitazo mwana wa a Jennie anaona kuti nyumbayo ikuchititsa manyazi, naipaka simenti kunja konse. Simentiyo inachita timing'alu, madzi analowa, koma pobwerera anasowa njira, ndiye anatulukira m'kati. Zipinda zinadzaza chuku. Mtanda wina ndinaubaya ndi msomali, unalowa ngati m'papaya lakupsa. A Jennie anadwala chifuwa mpaka anasamukira kwa mdzukulu wawo ku Parow. Amabwera kudzaiona nyumba yawo ali m'galimoto, ndipo tsiku lina anandifunsa ngati adzagonemonso asanamwalire.

Bambo naonso anamanga ndi laimu ndi dothi la pachulu. Chinyezi cha kuchipinda kwa amayi sichikubwera chifukwa cha kusowa pulasitala. Ndinayang'anitsitsa nditabwera chaka chatha: malata a kuseri ndi aafupi, madzi amatsikira pakhoma, ndipo ngalande imene bambo anakumba inakwiririka pamene munalimapo mbatata. Fukulani ngalandeyo mvula isanayambe. Za malata ndidzakonza ndekha.

Ndikudziwa kuti mukufuna alendo a chinkhoswe cha mwana wanu Ulemu adzapeze nyumba yooneka bwino mu Okutobala. Ipakeni laimu, idzawala mpaka kumsewu. Ndinu aakulu, ndipo paja amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma simenti ikagonera imauma, achimwene. Alendo adzadya n'kupita, amayi adzatsala akupuma chuku.

Sindinayambe ndakutsutsanipo chibadwire. Komabe mukaipaka simenti, ndidzabwera mu Disembala ndi hamala ndi tchizulo, ndipo ndidzaigoba yonse dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. Ntchito imeneyo manja anga aizolowera.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa a malume ndi azakhali, kwa Viness, Ulemu ndi ana onse. Amayi musawawerengere ndime ya a Jennie ija.

Chonde mundiyankhe msanga, ndi mawu anuanu, osati kudzera mwa Viness. A Masoud, dalaivala amene wabweretsa kalatayi, abwerera kuno sabata yamawa. Asanyamuke opanda yankho lanu.

Ndine mng'ono wanu,
Zacharia