Matayala Owonda a Hilda

Ludlow, Shropshire
9 Meyi 1987

Okondedwa achimwene Desmond,

Ndikudziwa chimene chikukusowetsani mtendere ku Australia kumeneko. Mukuona mwana wanu Tessa akulowa mu mpikisano wa kumapeto kwa mwezi uno atakwera Hilda, galimoto yathu yakale kuposa inu, yoyenda pa matayala owonda ngati a njinga yamoto, ndipo azakhali ake, m'malo momuletsa, ndiwo akumupukutira chisoti. Mantha amenewo sindikuwaseka ayi. Nanenso ndili nawo, mwinanso kuposa inu, pakuti ine ndidzakhala nditaima pampanda ndikuona ndi maso.

Musadabwe ndi zilembo zopindikazi. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Chifukwa chake ndichinena, koma mundilole ndiyambire poyambira. Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa sayansi sindinayambepo phunziro ndi yankho.

Magudumu munatiyitanitsira aja anafika, ndipo zikomo. Ndikunena ndi mtima wonse, chifukwa ndikudziwa kuti chinawagula ndi chikondi. A Bevan, aneba athu amene amatikokera Hilda pangolo popita kubwalo, anabwera kudzathandiza kumasula mabokosi. Ataona tayala loyamba anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Mayi Rosalind, achimwene anuwa akufuna Hilda akapikisane kapena akalime mbatata?"

Tessa sanaseke. "Adadi akuti popanda amenewa ndisayerekeze. Akuti agogo anasiyira galimotoyi anthu awiri, iwo ndi azakhali, ndiye theka lawo silikalowa mu mpikisano pa matayala akale."

"Theka lawolo ndi liti, lakutsogolo kapena lakumbuyo? Tilidule, litsale m'galaja," anatero a Bevan.

Apo mwana uja anaseka pang'ono, koma m'maso muli misozi. Chikanganirane pafoni paja inu simunaimbenso, nayenso sanakulembereni. Makani anu ndi amodzi. Anandiuza kuti sakapikisana inu musanavomere, pakuti sangabe galimoto ya bambo ake. Koma anatinso mukakana, pa Khirisimasi musamudikire. Ndinamuyang'ana nkhope, achimwene, ndipo sankaopseza chabe.

Tsopano ndiloleni ndifotokoze. Ndadzuka kale kawiri kukayang'ana ketulo yomwe sindinaike n'komwe pamoto, choncho mwina kufotokoza kundikhazika pansi.

Magudumu akale a Hilda ndi amasipoko, a mainchi 19, ndipo tayala lake m'lifupi ndi mainchi anayi okha. Anuwa ndi a mainchi 15, m'lifupi mainchi asanu ndi awiri, mphira wake wofewa, wogwira msewu. Munthu aliyense angati otambalalawo ndiwo oteteza, ndipo pa galimoto yanu yopitira kuntchito zimenezo n'zoona. Koma Hilda ndi wamtali, wopanikizika m'mbali, ndipo woyendetsa amakhala pamwamba ngati ali pampando wa kukhitchini. Galimoto ikamakhota mothamanga, thupi lake lonse limafuna kupitirira kunja kwa kona. Tayala lowonda limagonja pang'onopang'ono: kumbuyo kumayamba kutsetsereka, chiwongolero chimapepuka m'manja, ndipo woyendetsa amamva kuti apa ndafika pamalire. Tayala lotambalala silimagonja. Limakakamira pansi. Ndiye thupi lija, poti kumunsi kwakana kusuntha, lipita kuti?

Zonsezi ndinkazidziwa. Koma pafoni munanena kuti nzeru zanga n'zapabolodi, ndipo mawuwo anandikhala. Ndinati tiwayese, mwina wolakwa ndine.

Loweruka latha tinapita kubwalo la ndege lakale lija, tsiku loyeserera. Usiku wake kunagwa mvula, koma phula linali litauma. Tessa anali atavala kale chisoti.

"Bweretsa kuno chisoticho," ndinatero.

"Azakhali, inu munasiya kalekale zimenezi. Nanga mawondo aja?"

"Chiwongolero sagwira ndi mawondo. Chachilendo amayamba kulawa ndi wamkulu."

"Mwambo umenewo unayamba liti?"

"Lero."

A Bevan anaika pansi kapu ya tiyi. "Musiyireni mwana, mayi. Inu mukaphwanyika tikasowa pogwira. Masipeyala anu anasiya kupanga nkhondo isanayambe."

Ndinakwera ndithu. Panjira yowongoka injini inkalira mopitirira, chifukwa gudumu laling'ono limazungulira kambiri kuti lifike pamene lalikulu lafika, ndipo ndinkachita kubweza phazi. Koma pamakona, achimwene! Hilda anamata pansi ngati nkhupakupa pa ng'ombe. Sindikubisirani, ndinasangalala. Mumtima ndinayamba kale kukonza mawu okupepesani. Ndikazungulira n'kuwonjezera liwiro, ndikazungulira n'kuwonjezera, ngati mtsikana.

Mukuikumbukira kona yothina ya pafupi ndi shedi ya ndege? Ndinalowamo ndikudikira kuti Hilda andiyankhule monga amachitira, kuti kumbuyo kugwedezeke, chiwongolero chipepuke. Anangoti zii. Kenaka magudumu a mkati mwa kona ananyamuka, mwaulemu ndithu, mosafulumira, ndipo ndinaona mitambo pamene pamayenera kukhala udzu.

Ndinagwera pa udzu wonyowa, patali ndi galimoto. Hilda anagona chammbali, magudumu anu awiri akuzungulirabe m'mwamba, akunyezimira, opanda ndi kachipsera komwe. Tessa anafika akuthamanga.

"Azakhali! Azakhali, yankhulani!"

"Katseke petulo, iwe."

"Ali moyo," anatero a Bevan ali wefuwefu. "Ayamba kale kulamula."

Dzanja lamanja linathyoka pamfundo, lili m'chikhakha mpaka m'chigongono. Nthiti zimandikumbutsa ndikamaseka. Hilda anapindika madigadi ndipo kagalasi kake kanasweka, basi. Musakwere ndege chifukwa cha ine.

Ndikumva kale zimene mukunena: "Si izi! Galimoto imeneyi ndi bokosi la maliro, igulitsidwe." Sindingalumbire kuti mpikisano ulibe ngozi. Ndingakhale wabodza, ndipo inu mungadziwe. Koma tamverani chimene chikundizunguliritsa m'nyumba muno ngati nkhuku yofuna poikira. Ine ndinalowa m'kona ija ndi liwiro la munthu wa imvi. Tessa amalowamo mothamanga kuposa pamenepo, ndipo sabweza phazi. Chisoti chija akanakana nacho, bwenzi kalata ino ili ina. Ndikafika pamenepa ndimaimirira, ndimapita pawindo, ndimabwerera, ndimakonza mabuku okonzakonza kale. Sindikukuimbani mlandu. Amene anamanga magudumuwo pa galimoto ndine, ndi manja anga awiri, ndikudziwa.

Kodi mukukumbuka bambo akupikisana nkhondo itangotha? Munali ndi kabudula wotuwa uja. Akafika pakona, Hilda atapingasa, matayala akulira, inu munkabisa nkhope m'chikhoti changa n'kumafunsa kuti, "Adutsa? Adutsa?" Mpaka lero mumaona kutsetsereka kuja ngati imfa ikuyandikira. Desmond, mwana wa amayi, kutsetsereka kumene kunkakuopsa kuja n'kumene kunkawabweza bambo kunyumba madzulo alionse. Galimoto inkawachenjeza, iwo n'kumva. Iwe unkatseka maso, n'chifukwa chake sunaone kuti ankatuluka m'konamo akumwetulira.

Magudumu akale tawabwezeretsa. Tessa wakhala pansi m'galaja masiku onsewa, akugogoda sipoko iliyonse ndi sipanala n'kumamvetsera. Yolira bwino aisiya, yolira mogontha aimanga. Matayala tagula atsopano, koma a msinkhu womwewo wakale. Lachinayi anakayesa, ine nditaima pampanda ndi chikhakha changa. Pakona yomwe ija kumbuyo kunatsetsereka, iye anabweza ndi dzanja limodzi, mofatsa, ngati akupatsira munthu mchere patebulo. A Bevan sananene nthabwala iliyonse, ndipo inu mukuwadziwa.

Atatsika anandifunsa kuti, "Mukuganiza kuti adadi avomera?" Yankho lake lili ndi inu. Hilda ali chile, koma sachoka m'galaja tsiku la mpikisano popanda mawu anu. Limenelo ndi lonjezo la mwana wanu, ndipo ine sindimuthandiza kuliphwanya.

Sindikupemphani kuti mukhulupirire mphunzitsi wothyoka dzanja. Ndikupempha kanthu kakang'ono. Tengani bokosi la sopo waufa, lalitali lija, muliimike pa thireyi yosalala, mbali yopyapyala italoza kumene mupendekere. Pendekani thireyiyo pang'onopang'ono. Muona bokosi likutsetsereka lili chiimire, ndipo mukhala nayo nthawi yoligwira. Kenaka yalani pa thireyipo kapeti ya mphira ya m'galimoto yanu, muimikenso bokosi, mupendekenso. Sindikuuzani chimene chichitike. Chitani nokha, pakhitchini panu, popanda wokuonererani. Mukatero imbani foni, ndipo musafunse za ine.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Noreen. Muwauze za dzanjali mwa njira yanu, koma muwauze. A Bevan akupereka moni, akuti ngati magudumu aja alibe ntchito, ngolo yawo ikuwafuna, chifukwa pangolo sipakwera munthu woti angagwe.

Tessa ndamufunsa ngati ndilembe moni wake. Wati ayi, musalembe. Choncho sindinalembe. Koma foni ya m'nyumba muno ikangolira, kaya ndi wamkaka kaya ndi abusa, amatuluka m'galaja liwiro, n'kudzaima chete dzanja lili pafoni, kuti ayambe wapuma asanayankhe. Chogwirira chake chada bii ndi zala za girisi. Sindinapukute.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Rosalind