Chithunzi cha ku Atene

Wokondedwa Tiwonge,

Uli bwanji mwana wanga? Ife tilipo, miyendo yokha ndiyo ikundivuta. Kalata yako inandisangalatsa chomene, mpaka ndinavina. Zoti ndikadzabwera ku Atene udzandidyetsa nsomba m'mbali mwa nyanja, n'kundikweza phiri la nyumba zakale zamiyala, ndinauza aliyense.

Chimwemwe chomwecho chinandipusitsa. Ndinaonetsa chithunzi chomwe unatumiza chija pamsika pa Jenda, osaganiza zoti wavala thalauza, pomwe kuno akazi amatiletsa kuvala thalauza. Anyamata achipani anandilanda, mbwenu Lachiwiri anadzatenga adada ako kupita nawo ku boma. Mpaka lero sanabwerere, ndipo dzina lako aboma analilemba.

Undikhululukire. Usatumizenso zithunzi. Disembala uno usabwere, ngakhale umve kuti amama ako akudwala. Mulungu akusunge komweko.

Ndine ankhazi ako, mlongo wa adada ako,
NyaPhiri