Mukayesere ku Mbenji

Okondedwa bambo a Ruth,

Ndikhulupirira muli bwino ku Blantyre ndipo chifuwa chija chinasiya. Kuno ku Chipoka tilipo. Ruth wayamba kuyenda, koma amayi anu miyendo ikuwavutabe.

Nkhani ya pulogalamu yanu yolembera nsomba za asodzi ndaimva, ngakhale sindinaimve kwa inu. Ndaimva kwa Sharon, uja amagwira kompyuta ku ofesi ya kalabu ya asodzi. Anatsegula mawu anu a pa WhatsApp mokweza, ine ndili pakhomo pomwepo kudikira usipa.

Munafotokoza bwino moti nanenso ndinatolapo. Munati pulogalamu imakana kumangika chifukwa cha mafayilo awiri amene mumawatcha maheda. Imodzi ndi ya kenelo, yomwe munati ndi mtima wa kompyuta, inayo ndi ya laibulale ya C, yomwe munati ndi nkhokwe ya zida zolembera mapulogalamu. Onse amafotokoza chinthu chimodzi ndi dzina lomwelo, ndiye makina amaima n'kudandaula kuti chatchulidwa kawiri. Munamuuza kuti aike ya laibulale patsogolo, kuti ya kenelo ikapeza kuti zanenedwa kale isabwerezenso.

Iye atasokoneza, munayambiranso modekha, munasekanso. Ine ndikalemba kuti denga likudontha, mumangoyankha kuti chabwino.

Zitatheka, Sharon anauza msika wonse kuti mwalemba dzina lake pa zomwe mwakonzazo monga amene anayesa, ndipo anthu akunja aliwerenga. Akuti ndi mwambo wa ntchito yanu. Mwina ndi zoona. Koma batire imene imayatsa kompyutayo imatchajidwa kwathu kuno, ndipo amene amaisenza pamutu ndine.

Sindikunena kuti mwalakwa. Ndikunena kuti nsanje yandigwira, ndipo ndaona kuti ndi bwino muimve kwa ine ankhoswe asanaimve.

Akutinso mukubwera mwezi wamawa kudzayesa pulogalamuyo ndi asodzi, ndipo mudzakhala ndi Sharon mu ofesimo sabata yonse. Pempho langa ndi ili: mukayesere ku Mbenji. Chilumbacho chatsegulidwa kuti usodzi uyambirenso, asodzi ali komweko, ndipo a Yesaya eni boti ndalankhula nawo kale, avomera kukutengani.

Lamulo la pachilumbapo mukulidziwa, mkazi sapondapo. Masiku amenewo ine sindidzakuonani, ndipo ndavomera. Nayenso sadzakuonani.

Mulungu akusungeni pa ulendo. Mundiperekere moni kwa achimwene anu a Samueli ndi banja lawo.

Ndine mkazi wanu,
Tiyanjane